Manda Opanda Mwini

A Lestina sankakhulupirira munthu aliyense wonyamula buku. Kaya ndi kalaliki, kaya ndi mphunzitsi, ngakhale mlaliki wa kutchalitchi kwawo komwe, akangotulutsa pensulo m'thumba iwo nkhope gwa, mawu onse n'kumeza. Anzawo ankawaseka kuti amaopa pepala ngati njoka. Musawaseke inu, poti adali ndi zifukwa zawo.

Adawoloka Ruo ali kamtsikana, atagwira nsalu ya mayi awo, a Namuthuwa, kuthawa mbalamatodya, thabwa lija Apwitikizi ankamenyera anthu m'manja. Bambo awo adatsala tsidya lomwelo: msilikali adawalemba dzina m'buku, m'mawa mwake n'kuwamanga chingwe m'chiuno. Buku lachiwiri lidadza nthawi ya nkhondo. Ankati tikungowerenga amuna basi. A Jonas, amuna awo a Lestina, adawerengedwa, adakwera lole, ndipo sadaonekenso.

Kamudzi kawo kankatchedwa pa Mtunda, mabanja asanu ndi anayi, onse Alomwe ochokera tsidya lija. Malowo adali a esiteti ya mzungu amene anthu ankamutcha Chindevu, ndipo kukhalapo kwake kudali kwa thangata: ugwire ntchito ya bwana, apo ayi unyamuke. Zaka makumi atatu ndi mphambu a Lestina adathyola tiyi pamenepo, masamba awiri ndi kansonga, dengu kumsana, mpaka zala zidada ngati za wosula. Chilomwe ankachiyankhula m'nyumba mokha, chitseko chili chotseka. Panja ankayankhula Chimang'anja chosalala bwino, kuti wina asawatche dzina lachipongwe lija ankatchulira anthu obwera.

Chaka cha 1954, fumbi la chipolowe cha chaka chinzakecho lisanakhazikike, kudatulukira bambo wamfupi pa njinga yakuda, kabudula wakaki, masokosi ofika m'mawondo, buku lalikulu atamangirira kumbuyo. Dzina lake adali Stafford, kalaliki wa ku boma. Adayambira kutsidya kwa mtsinje wa pa esiteti pomwepo, m'mudzi mwa a Mabvuto, amenenso adali obwera.

Nkhani adabwera nayo ndi Elson, mkamwini wa a Lestina, mwamuna wa mwana wawo Anesi.

“Akufunsa zitatu, amayi. Munachokera kuti, munafika liti, ndipo akufa anu mumaika kuti.”

“Nanga a Mabvuto ayankha chiyani?”

“Anena zonse. Mpaka dzina la phiri la kwawo tsidya lija.”

“Mayo ine! Chitsiru cha munthu, imvi zonse zija!” A Lestina adaomba m'manja kamodzi. “Waperekatu khosi yekha ameneyo. Boma likufuna kutibweza kwa Apwitikizi chifukwa cha phokoso la chaka chatha. Inu simukuona?”

M'mawa mwake m'mizere ya tiyi, kapitawo atapotoloka, a Lestina adayenda dengu ndi dengu. Nkhanga zidapangana kusanapse, iwo adatero. Aliyense anene kuti kwathu ndi ku Thekerani, poti kumeneko ndi dziko lino lomwe, palibe angakupitikitsire kunja. Anene kuti tafika posachedwa, zaka zitatu zokha, kuti asafunse zakale. Za manda, anene kuti athu ali ku Thekerani komweko. Mayi wina adafunsa ngati kunama kwa boma si mlandu. A Lestina adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati manja ake akuyabwa mbalamatodya. Sadatsutsenso wina. Onse ankadziwa kuti a Lestina adaona zambiri, ndipo aliyense adali ndi mantha.

Stafford adafika pa Mtunda Loweruka masana, anthu ataweruka. Adatsamiritsa njinga pa nkhokwe, adakhala pa mtondo wogoneka, buku pamiyendo. Asanalembe kanthu adalongosola bwinobwino: boma likugula mbali ina ya malo a esiteti, ndipo midzi imene yakhalitsa, yokhala ndi manda ake, idzatsala pamalo pake, thangata n'kutha.

A Lestina mumtima adangoti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Boma liti lidagulirapo munthu wakuda malo?

Kalalikiyo adayang'ana mphini zimene zidali pamasaya pawo, timizere tija amatema atsikana a tsidya lija, ndipo adawapatsa moni m'Chilomwe, motsitsa mawu. Chidali Chilomwe chenicheni, chakumudzi, chonga cha mayi awo. Koma pomwepo a Lestina adaganiza kuti eya, msampha wake ndi umenewu, atumiza wathu yemwe kuti atinunkhize.

“Mwati chiyani, achimwene? Ine Chizungu sindimva.”

Stafford adamwetulira pang'ono n'kunyowetsa pensulo ndi lilime.

“Kwanu n'kuti, mayi?”

“Ku Thekerani.”

“Munafika liti kuno?”

“Mvula yagwa katatu.”

Bamboyo adatembenuka n'kuyang'ana mtengo wa mango umene udali pabwalo, thunthu lake loti anthu awiri sangalikumbatire.

“Mango awa anadzala ndani?”

“Tinawapeza.”

“Mayi, ndikupempheni. Mukanena zoona palibe chimene chikuchitikireni. Inenso agogo anga anawoloka mtsinje wa Ruo womwewo, ndipo ndili pano.”

“Zikomo. Agogo anuwo apatseni moni.”

Kenaka adaloza ndi pensulo kumunsi kwa mudzi, kumene kudali kankhalango ka mibawa ndi mikuyu katazingidwa ndi tiyi mbali zitatu. Aliyense wa dziko lino akaona mitengo yosiyidwa chotero amadziwa chimene chili pansi pake.

“Nanga manda awo ndi a yani?”

M'menemo mudali a Namuthuwa. Mudalinso ana awiri a Lestina, Amosi ndi Alesi, amene chikuku chidatenga sabata imodzi. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, mayiwa ankakasesa pamitumbira itatuyo ndi manja awo. Anesi, amene adali chiimire pakhomo, adagwira pakamwa. A Lestina adayankha osayang'ana kumitengoko.

“Sitikuwadziwa. Tinawapeza.”

Stafford sadalembe msanga. Adafunsanso kachiwiri, adafunsanso kachitatu, yankho lomwelo. Adalemba, adawadinditsa chala, n'kupita khomo lina. Makomo onse asanu ndi anayi adamuimbira nyimbo imodzi. Pamene ankakwera njinga a Lestina adaseka chamumtima, ati tamuonetsa.

Miyezi idapita. Iwo ankadikira tsiku limene malole adzadze kudzatenga a Mabvuto ndi anthu awo, ndipo kunena zoona ankawamvera chisoni. Akakumana kumtsinje ankawalangiza kuti agulitsiretu mbuzi.

Chimanga chili pafupi kucha, kapitawo adaitanitsa anthu onse pa sikelo yoyezera tiyi n'kuwerenga kalata. Malo a kutsidya kwa mtsinje boma lagula, a Mabvuto ndi mudzi wawo ndi mfulu. Pa Mtunda patsala m'manja mwa esiteti, popeza okhalapo ndi alendo a dzana, ali ndi kwawo ku Thekerani. Akakolola anyamuke, lole idzawaperekeza. Ndipo kankhalango kaja, poti kalibe mwini, kadulidwa kuti padzalidwe tiyi.

Maso onse adatembenukira kwa a Lestina. Palibe adatukwana, ndipo bola akadatukwana. Mayi amene adafunsa za mlandu uja adangolavula pansi n'kunyamula dengu lake.

Ngakhale apo a Lestina sadagonje msanga. Adati Chindevu wadyetsa kalaliki uja, adati kalatayo ndi yabodza, kapitawo waipeka. Adadzuka mbandakucha n'kuyenda wapansi mpaka ku boma, ndipo adamupeza Stafford pakhonde la ofesi akupopa njinga.

“Achimwene, munalemba zolakwa.”

“Ndinalemba zimene munanena, mayi. Chala chake ndi chanu.”

“Fufutani. Ndinena zina.”

“Buku linapita ku Zomba kalekale. Mzere anajambula kale pamapu.”

“Nanga bwanji simunatiuze?”

Bamboyo adasiya pampu, ndipo maso ake adali ofiira. Adayankha m'Chilomwe, ndipo ulendo uno a Lestina sadanamizire kusamva.

“Ndinakuuzani pakhomo panu, nditakhala pa mtondo wanu. Ndinafunsa katatu. Ndikanalemba zanga, inu mukanakana pamaso pa bwana, ntchito ikanandithera ine. Ndikanatani?”

A Lestina adabwerera kumudzi. Njira yonse adafunafuna poti bamboyo wanama, koma sadapapeze.

Odula mitengo adafika chimanga chitalowa m'nkhokwe, amuna khumi ochokera ku Luchenza, nkhwangwa pamapewa. Atafika m'mphepete mwa kankhalangoko adaima. Wamkulu wawo adati iwo sagwetsa mtengo wa pamanda mwini asanaitanidwe, chingakhale chizungu chotani, poti nkhwangwa yotero imakabwerera kwa ana ako. Kapitawo adanyinyirika, koma mwambo ankaudziwa. Adaima pachulu, mesenjala wa boma ali pambali pake ndi chisoti chofiira, n'kufuula.

“Mwini manda ano alipo?”

Anthu a pa Mtunda adali ataima chapatali. Zii. Kuyankha kudali kuvomera pamaso pa mesenjala kuti adanamiza boma.

“Mwini manda ano alipo?”

A Lestina adayang'ana chisoti chofiiracho. Adali ndi chitsimikizo chonse kuti akatsegula pakamwa agona m'ndende, mwinanso awolotsedwa Ruo. Kapitawo adakoka mpweya kuti aitane komaliza.

“Ndilipo!”

A Lestina adadutsa pakati pa nkhwangwazo n'kulowa pansi pa mitengo. Adagwada pa mtumbira woyamba n'kuugwira ndi manja onse awiri. Adayankhula Chilomwe mokweza, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akumva: awa ndi amayi anga a Namuthuwa, adandibereka tsidya lija, adafera kuno. Uyu ndi Amosi. Uyu ndi Alesi. Ndinakukanani ine, ndinakukanani katatu chifukwa cha mantha. Adalira ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Kenaka Anesi adalowa, mayi wolavula uja adalowa, mabanja onse adalowa, aliyense kwa ake, kutchula maina. Mitumbira idapezeka makumi awiri ndi isanu ndi umodzi.

Odula mitengo adatula nkhwangwa pansi. Mesenjala sadamange munthu. Adangovula chisoti n'kuyang'ana kumbali. Chindevu atamva kuti palibe amene angadule, adati mitengoyo ikhale, sakufuna phokoso lina. Koma za nyumba sadasinthe, poti pepala lidali litanena kale.

Lole idabwera Lachiwiri. Adakweza mitondo, mphasa, nkhuku zomanga miyendo ndi matumba a chimanga. Kutsidya kwa mtsinje a Mabvuto adali akuumba njerwa, chinthu chimene thangata silinkalola, ndipo adaimirira n'kukweza dzanja lamatope. A Lestina adakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo sadachotse maso pa mibawa ija mpaka phiri lidaibisa.

Adafika ku Thekerani dzuwa litapendeka. Dalaivala, munthu wansangala amene sankadziwa kanthu, adaimitsa lole pamphambano n'kusuzumira pawindo.

“Mwafikatu kwanu, mayi! Mudzi wanu uli mbali iti, ndikakutuleni pakhomo?”

A Lestina adayang'ana njira yakumanja, adayang'ana yakumanzere. Chibadwire adali asanapondeko kumeneko. Anthu onse m'lolemo adali akuwayang'ana, monga ankachitira nthawi zonse pakafunika nzeru.

“Amayi,” adatero Anesi, mwana ali kumsana, “tilowere kuti?”