Tinafika Lamulungu, Mpikisano Utatha Loweruka

Mnyamata wa pa shopu ya matikiti ku Doornfontein wandichititsa manyazi pamaso pa alamu anga. Ine sindithamangira kudandaula. Ndadikira, ndapemphera, koma mtima sukutsika. Ndiye abale anga a kuno ku Joni, imvani.

Alamu angawo ndi a Dausi, mlongo wa malemu mkazi wanga Nachisale. Ndi makaniko wa malole ku Limbe. Pa maliro sanathe kubwera. Chaka chino anapeza mpata wokwera lole ya kuntchito kwawo kuti adzaone manda. Anafika Lachitatu, lole ikubwerera Lolemba. Titachoka kumanda ndinawafunsa chimene akufuna kuona mu Joni muno. Sanatchule nyumba zitalizitali. Anati moyo wawo wonse akhala akukonza injini zotopa, tsono akufuna aone ndi maso galimoto zothamanga zija amangozimva pa wailesi. Wikendi yomweyo kunali mpikisano waukulu ku bwalo lija la kupitirira Fourways. Anaseka nati akamwalira asanazione, adzandivutitsa kutulo.

Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndinafika pa shopupo 2 koloko. Mnyamata anali pa kauntala, tchipisi mkamwa, khutu pa wailesi ya mpikisano wa mahatchi. Ndinamufunsa chinthu chimodzi: mpikisano weniweni uli tsiku liti, kuti tidziwe pofikira? Anayankha osandiyang'ana kuti Loweruka amangoyeserera, zenizeni ndi Lamulungu. Ndinamuuza kuti ndine mkulu wa mpingo, Lamulungu sindiyenda chisawawa, ndiye atsimikize bwino.

"Madala, dziko lonse lapansi amathamanga Sande. Ukufuna matikiti kapena ukufuna kulalikira?"

Ndinalipira marandi khumi ndi awiri, matikiti awiri a chipata cha ife akuda. Pa tikiti panali nambala ndi chithunzi cha galimoto. Tsiku panalibe.

Ine ndimagwira ntchito ya m'munda ku Fourways, ndimagona m'chipinda cha kuseri. Loweruka m'mamawa abwana anga anapakira mipando ndi bokosi la zakumwa, nanyamuka banja lonse. Sindinafunse kumene akupita. Wantchito safunsa.

Masana phokoso linayamba, lochokera kutali, ngati njuchi zolusa zotsekeredwa mu mgolo. Alamu anasiya tiyi nakaima pa mpanda. Anamvetsera kanthawi, kenaka anati injini zimenezo sizikuyeserera ayi. Anati woyeserera amapumira, koma izi zikuthamangitsana. Anati tinyamuke pompo, mwina tikapeza kumapeto. Ine ndinawauza kuti akhale pansi, wapashopu anatsimikiza. Anaimiriranso. Ndinawakhazikanso, mpaka kuwaseka kuti makaniko wa ku Limbe angadziwe chiyani za galimoto za Azungu. Anakhala pansi chifukwa ndi mlendo, ndipo mlendo satsutsa mwini nyumba. Tinamwa tiyi mpaka phokoso linaleka.

Chimwalirireni Nachisale ndinali ndisanajombepo kutchalitchi. Lamulungu limenelo ndinajomba. Ndinatumiza uthenga kwa abusa kuti ndili ndi mlendo. Tinanyamuka 5 koloko kuti tikapeze malo apafupi ndi waya. Alamu anavala jekete ndi tayi. Msewu unali zii. Ine ndi uchitsiru wanga ndinayamika Mulungu kuti talawirira kuposa aliyense.

Pa chipata tinapeza mlonda wachikulire, Mzulu. Kumbuyo kwake amayi anali kutola mabotolo ndi zitini m'masaka. Mlondayo anayang'ana matikiti, natiyang'ana ife, navula chipewa. Anati mpikisano unatha dzulo, galimoto anazipakira kale. Anati m'dziko muno masewera olipiritsa saloledwa Lamulungu, polemekeza tsiku la Ambuye. Kenaka anandifunsa, mwaulemu ndithu, ngati ine sindipemphera.

Baibulo linali m'thumba la jekete yanga.

Taganizani, abale. Boma lomwe limatipatulira chipata chathuchathu linasunga Sabata. Amene anaswa ndine, mkulu wa mpingo, kuthamangira bwalo lopanda kanthu.

Mlonda uja anatimvera chisoni natilola kulowa pang'ono. Alamu anayenda mpaka pa kona ina ya msewu wa mpikisano. Anagwada, jekete ndi tayi zili m'thupi, nakhudza mizere yakuda imene matayala anasiya pa phula. Anatola kachidutswa ka labala, nakanunkhiza, nakaika m'thumba. A Dausi ndi munthu wa nthabwala. Chikwatirireni mlongo wawo sanalekepo kundinyogodola, ngakhale pa chinkhoswe. Koma pa bwalo paja sananene nthabwala.

"Ndiye zinali zomwe zija, alamu?"

Ndinati inde.

"Basi, palibe kanthu. Ndinazimvako."

Akananditukwana, kukanakhala kopepuka.

Lolemba lole inanyamuka. Pokwera anandiuza kuti chaka chamawa akupuma ntchito, maso ayamba kuvuta, ku Joni sadzabweranso. Anandithokoza chifukwa cha manda osamalidwa bwino. Za mpikisano sanatchule.

Lachinayi lotsatira ndinabwerera pa shopu paja, nthawi yomwe ija. Mnyamata yemwe uja, wailesi yomwe ija. Poyamba anati sakundikumbukira. Nditaika matikiti pa kauntala anati aliyense mu Joni amadziwa kuti mpikisano umakhala Loweruka. Ndinamufunsa kuti nanga iye si wa mu Joni? Anati iye amangogulitsa, ku bwaloko sanapondeko. Ndinapempha mwini shopu. Anati watuluka. Abwera liti? Sakudziwa. Anakankhira matikiti kwa ine ndi chala chamafuta, nati ogulidwa sabwezedwa. Kenaka anatembenukira mnzake wa m'shopumo nanena mu Chizulu, akuganiza kuti sindimva, kuti ife Manyasa timakhulupirira chilichonse.

Pamenepo sananame. Ndinamukhulupiriradi. Ndinakhulupirira mwana wodya tchipisi kuposa makutu a munthu amene wakalambira pansi pa malole. Manyazi amenewo ndi anga, ndasenza.

Koma iwe mnyamata, mawu oti "sindikudziwa" akanakuthyola dzino? Ndinakufunsa, ndinabwereza, ndinakuuza ndi chifukwa chake. Unatsimikizira chiyani chinthu chimene sunachionepo? Ndipo inu eni shopu, mumagulitsa bwanji tikiti yopanda tsiku? Choko chakwera mtengo kuti mulephere kulemba pa zenera kuti Loweruka? Ndi angati ena anaima pa chipata chija m'mawa umene uja atavala tayi?

Lachinayi lililonse ndizibwera pa kauntala yanuyo mpaka mwini shopu atuluke adzandiyankhe. Sindidzakuwa. Ndizingoima.

Inu abale, mukafuna kupita ku mpikisano umenewu, musafunse wogulitsa tikiti. Funsani mlonda wa pa chipata, kapena amayi otola mabotolo. Ndipo mlendo wanu akaimirira pa mpanda nati zayamba, musamukhazike pansi.