Mkwiyo wa Odessa Sunali Matenda

Tsiku limene Odessa Pruitt anakomoka, anali ataima kutsogolo kwa khamu la anthu mumzinda wa Baltimore, chimkuzamawu chili m'manja. Kwa zaka zambiri ankamenyera nkhondo mabanja a anthu akuda amene eni nyumba ankawatayira katundu panja. Ankadya choimirira, tulo take tinali ta apo ndi apo.

Dokotala sanapite m'mbali. "Mayi, magazi anu akuthamanga moopsa. Mukapanda kupuma, mufa ziwalo."

Mnzake anamulozera nyumba ya yoga, kumene anthu amadziwongola thupi ndi kupuma mofatsa. Wakuda anali iye yekha. Mwini malowo, mzungu wotchedwa Brynn, anamukumbatira ngati m'bale wake. Posakhalitsa chithunzi cha Odessa chinali pakhomo kutsatsa malowo, osamupempha n'komwe. Kenako akuti aziphunzitsa azungu a pamalopo za tsankho, mwaulere. Zoona zimenezo? Munthu wabwera kudzatula mtolo, inu n'kumusenzetsa wina!

Pamalopo panali mwambo wake. Akamaliza kudziwongola ankakhala mozungulira n'kumapatsirana kamwala, ndipo wogwira kamwalako palibe ankamudula mawu. Katafika kwa Odessa, anasimba za mkulu wina amene anamutulutsa m'nyumba nthawi ya chisanu, n'kukafera pasiteji ya basi. Mawu ake anakwera. Brynn analiza kabelu.

"Odessa wokondedwa, pano m'pamalo a mtendere. Mkwiyowo ndi poizoni, utulutse ndi mpweya."

"Mwala uli m'manja mwanga," anatero Odessa. "Dzana mayi awa analira za galu wawo mpaka tiyi kuzizira, belu silinalire. Ine ndikunena za munthu."

Onse anawerama. Odessa anatuluka mutu ukuwaza. Anakafikira ku saluni ya Verlene, mayi wachikulire amene ankamuluka tsitsi chiyambire ubwana.

"Iwe mwana, khala pansi usanandigwere pa makasitomala," anatero Verlene atamva nkhaniyo. "Adokotala anati upume, kapena anati utseke pakamwa? Ndi zinthu ziwiri zimenezo. Kalipa pompano, wailesi ndazimitsa."

Odessa anakalipa, anatukwana, analira. Amayi amene ankaumitsa tsitsi ankangovomereza: "Nena, mwanawe! Usasiyeko!" Atatha, anagona pampando pomwepo, masanasana, mpaka kuchita nkonono.

Apa m'pamene anaiona njira. Anaphunzira yoga mpaka kufika poiphunzitsa, ndipo Verlene anamubwereka saluni Lolemba lililonse, tsiku lotseka. Lamulo linali limodzi: aliyense ayambe watula mkwiyo wake wonse, kenako agone pamphasa apume. Poyamba ankabwera anthu awiri okha. Anzake a m'gulu lomenyera mabanja aja ankamujeda kuti wagula ulesi kwa azungu. Zinamupweteka, koma sanasiye. Pang'ono ndi pang'ono omujedawo anayamba kubwera, maso ali psuu ndi kutopa.

Mayeso enieni anabwera m'mawa wina. Odessa anadzuka mutu ukuwaza monga kale, foni n'kulira: banja lina akulitulutsa m'nyumba. Mtima unati thamanga. Anavala nsapato imodzi, kenako anaivula.

"Pitani inu," anauza anzake pafonipo. "Mawu mukuwadziwa. Ine lero ndigona."

Anagona akulira, akudziona ngati wathawa nkhondo. Madzulo Verlene anagogoda.

"Dzuka, mfumukazi ya tulo. Anthu ako anadzaza pakhomo paja mpaka mwini nyumba kubwerera. Banja lija lili m'nyumba, ndipo iwe uli moyo. Unkayesa dziko ligwa ukaphethira?"

Inu amene mwatopa ndi kumenyera anzanu, imvani. Mkwiyo wanu pa chisalungamo si matenda, ndipo wokuuzani kuti muumeze sakukuchiritsani. Pezani anthu amene angaumve, mukatero mupume popanda manyazi. Mutu umodzi susenza denga. Musataye mtima, komanso musataye thupi lanu, chifukwa mawa tikukufunani amoyo.