Beringi Yakumanzere

Zaka makumi atatu ndinadyera khutu. Ndinkangokwera galimoto ya munthu, kuyenda nayo mpaka pa Shimabala ndi kubwerera, n'kumuuza chimene chafa. Galaja yathu ili kuseri kwa msika muno mu Kafue. Tinaitsegula awiri, ine ndi mng'ono wanga, bambo atapuma ntchito ya njanji n'kutisiyira bokosi la masipanala. Mng'ono wangayo ndi wamanja abwino, sindingamunamizire. Koma akamasula galimoto ankamasula pamene ine ndaloza.

Anthu onse amabwera ndi mawu amodzi: ikusokosa. Mawu amenewa ankandipsetsa mtima. Kusokosa n'chiyani? Ngakhale msika umasokosa. Ndinkawakhazika pabenchi n'kuwafunsa bwinobwino. Kodi mukumva ndi khutu kapena ndi thupi? Ngati ndi thupi, chikunjenjemera n'chiyani, chiongolero, mpando kapena pansi pa mapazi? Chiongolero chikanjenjemera, yang'anani matayala akutsogolo. Mpando ukanjenjemera, vuto lili kumbuyo. Galimoto ikamakumenyani msana pa kadzenje kalikonse, limenelo si phokoso, ndi kuuma, mashoko atha. Ndipo ngati ndi khutu, pali kugogoda kwa m'kati mwa injini, pali kugwedera kwa chinthu chomasuka, pali kukhwekhwereza kwa mabuleki atadyeka mpaka pachitsulo, pali mluzu wa lamba. Palinso kulirima, kuja kumayamba pang'onopang'ono n'kumakula liwiro likamakula. Kumeneko ndi kulira kwa beringi ya gudumu.

Wina akalephera mawu ndinkamuuza kuti ayerekeze ndi pakamwa. Ndaonapo aphunzitsi a matayi m'khosi ataima pakati pa galaja akuti gudu gudu gudu, ine n'kumaseka mpaka misozi. Ndinkanyada, ndivomera. Mwini galimoto akandiuza maganizo ake ndinkamuyankha kuti iye adziwe kuyendetsa, kumva andisiyire ine.

Khutu lakumanzere linayamba kufa mwakachetechete. Poyamba linkangolira lokha ngati muli nyenje. Kenaka ndinazindikira kuti ndikagonera kumanja sindimva tambala. Kuchipatala anati ndi zaka zonse zija za nyundo ndi mainjini, ndipo silidzabwerera. Sindinauze aliyense, ngakhale mkazi wanga. Ndinaphunzira kukhala mopendeka, kuima kumanzere kwa anthu, kugwedeza mutu pamene sindinamve. Chimene sindinkadziwa n'chakuti khutu limodzi limamva phokoso koma silidziwa kumene likuchokera.

Tsiku lina m'mawa, m'nyengo yotentha, anabwera mayi wina wogulitsa nsomba. Anali kasitomala wathu wakalekale, wamasiye, wokhala ndi kalole kake kamene ankayendetsa yekha. Ankagula nsomba zaziwisi kwa asodzi ku Chanyanya n'kuthamangira nazo ku Lusaka dzuwa lisanakwere. Mayiyu sanali ngati ena aja. Zaka zonse zobwera kwathu anali ataphunzira mawu anga, ndipo sananene kuti ikusokosa. Anati ikulirima, imayamba akaika giya yachinayi, ndipo akakhotera kumanja phokoso limakula.

Tinakwera, iye pachiongolero, ine pambali pake. Titalowa mumsewu wa ku Lusaka ndinakumva kulirimako, beringi yeniyeni. Koma kunali ponseponse, ngati mvula pamalata. Khutu langa lamoyo linali mbali ya iye, choncho zonse zinkamveka ngati zikuchokera kumanja. Ndinayenera kumuuza kuti agwedeze galimoto uku ndi uku kuti ndimve pamene phokoso likukula, koma malole anali ndandanda pamsewu. Ndinangoti ndi yakutsogolo kumanja.

Anandiyang'ana. "Ba makanika, ine nimvela monga ni ku lefiti."

Apa ndi pamene ndinadzipha ndekha. Ndinaseka, kuseka kuja ndinkasekera aphunzitsi, n'kumufunsa kuti anayamba liti ntchito yanga. Ndinamuuza kuti ine sindimuphunzitsa kusiyanitsa nsomba ya pale ndi mlamba. Tinabwerera pagalaja. Ndipo chimene anandiuza poyamba chija, chakuti akakhotera kumanja phokoso limakula, chinali yankho lonse. Ukakhotera kumanja katundu amatsamira kumanzere, beringi yodwala n'kulira kwambiri. Ndine ndinamuphunzitsa zimenezo zaka zapitazo.

Panalinso njira ina. Kukweza galimoto pajeke, kuzunguza gudumu lililonse ndi dzanja limodzi, lina uli utagwira sipiring'i, ndipo beringi yakufa imakuuza yokha m'chikhato. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma ine ndinali munthu amene sakweza galimoto kuti adziwe. Mng'ono wanga anamasula kumanja monga ndinalozera, anaika yatsopano, yakaleyo n'kundipatsa. Ndinaizunguza ndi chala. Inali yosalala, girisi wake woyera, yopanda banga. Ndinaiponya mumgolo wa zitsulo zakutha, n'kuponyanso zina pamwamba pake.

Patapita masiku asanu gudumu lakumanzere linagwira, atangodutsa pa Shimabala, kalole kadzaza nsomba. Beringi inapsa, inadya ndi chitsulo chimene imakhalapo. Mulungu anathandiza, sanagubuduke, anangotsetserekera m'ngalande. Koma anakhala pamenepo mpaka masana, ayezi akusungunuka n'kumadontha pansi, ntchentche zikusonkhana. Nsomba zina anagulitsa motaya kwa amayi a tomato a m'mbali mwa msewu, zina anakwirira. Ulendo umenewo ndi umene unkayenera kubwezera mwana wake wamkazi ku koleji.

Atabwera pagalaja sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa, akananditukwana pamaso pa anthu. Anaima pafupi ndi ine, mbali yakumanzere, nayankhula. Ndinaona milomo ikuyenda, ndinagwedeza mutu monga mwa chizolowezi. Anazungulira n'kuima kumanja kwanga.

"Nakufunsani ngati mumvela, imwe mwavomela chabe. Kanshi simumvela."

Mng'ono wanga anali pomwepo, sipanala m'manja. Anakonza kaloleko yekha, masiku awiri, osalipiritsa. Koma m'mawa wa tsiku lachitatu ndinapeza beringi yabwino ija ili patebulo langa, yopukutidwa bwino. Anali atafukula mgolo wonse.

Kuyambira pamenepo sindikweranso galimoto ya kasitomala. Palibe anandiletsa ndi pakamwa. Munthu akafika n'kufunsa za ine, mng'ono wanga amati akulu akupumula masiku ano, n'kutenga makiyi yekha. Anagula kamakina kolumikiza pansi pa chiongolero, kamene kamalemba manambala. Kamakina kameneko sikadziwa kusiyanitsa kugogoda ndi kugwedera, ndipo ndimaona akusintha zinthu zitatu kuti apeze chimodzi. Zimandiwawa. Nthawi zina galimoto ikaima injini ikulira ndimaikapo chikhato, n'kumva kuti mphira yogwira injini yang'ambika, ndipo ndimanena. Amati zikomo akulu, n'kupitiriza ndi kamakina kake. Akakapeza kuti ndinanena zoona sabwera kudzandiuza. Ndimamukwiyira, koma ndikayang'ana patebulo mkwiyo umasowa kolowera, chifukwa beringi ija sindinaichotsepo.

Mayi uja sanabwerenso. Amakonzetsa kwina, kufupi ndi Kafue Estates. Mwana wake ndimamuona pamsika, akuthandiza kupala nsomba.

Mwezi watha ndinakhala pabenchi panja pa galaja, kalole kaja n'kutulukira pang'onopang'ono chifukwa cha maenje. Ndinaona ndi maso gudumu lakumbuyo likupepeluka, kugwedera kwa manati omasuka, kumene sikufuna khutu. Ndinaimirira, ndinathamanga monga angathamangire munthu wa zaka zanga, ndikukupiza dzanja. Anaima. Mayi uja anatsitsa galasi. Ndinamuuza kuti gudumu lakumbuyo kumanzere lamasuka, asapite nalo ku Lusaka chotero, andilole ndimange, sizitenga mphindi zisanu.

Anandiyang'ana, nkhope yosasonyeza kanthu. Kenaka anayankha. Injini inkalira, ndipo ndinali nditaima molakwika, khutu lakufa lili kwa iye. Ndinaona milomo yokha. Mwina anati zikomo, mwina anati ndichoke, mwina anandiuza kuti ndikatenge sipanala. Ndinafuna kutembenuka, kumupatsa khutu lamoyo, kunena kuti bwerezani amayi, sindinamve. Koma khosi linachita zimene linazolowera. Ndinagwedeza mutu.

Anakweza galasi n'kupita.