Chaka Chimene Tenti Sinabwere

Achimwene anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chulu. Akazi awo atachoka, ine ndiye ndinkawaphikira. Chaka chilichonse, nyengo yosankha fodya, azaumoyo ankabwera kudzamanga tenti pafupi ndi zigafa, n'kumayeza magazi aliyense wofuna. Achimwene ankangodutsa atasenza fodya.

"Ndidzayezetsa ulendo winawo," ankatero.

Kenako kunabwera korona. Misonkhano inaletsedwa, tenti ija sinabwerenso.

Chaka chomwecho anayamba kutsokomola. Tinkati ndi fumbi la fodya. Thalauza inayamba kuwakulira mpaka ankaimanga ndi luzi. Nditawauza zopita kuchipatala anakana.

"Iwe, wotsokomola akumutsekera. Ukafera komweko akukulunga m'pulasitiki, abale osakuona nkhope."

Ndinawanyengerera mpaka anavomera, ndinawakweza panjinga. Pageti panali ndowa ya madzi osamba m'manja ndi mlonda wa kamakina koloza pachipumi. Atamva chifuwa chawo anatiuza tikakhale pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi odwala ena. Masana anawatokosa m'mphuno. Korona sanawapeze nayo. Ndinafunsa anamwino za kuyeza magazi.

"Chipinda chija tagonekamo a korona, chemwali. Woyeza uja anamuitanitsa ku boma. Mudzabwere zinthu zikapola."

Tinabwerera ndi mapiritsi a chifuwa. Achimwene anasangalala njira yonse kuti alibe korona.

Mvula inagwa, tinaokera fodya. Iwo ankangokhala pamphasa kuyang'ana. Chipinda choyezera magazi chija chitatsegulidwa tinapitanso, koma ulendo uno pangolo yobwereka, chifukwa panjinga sakanatha kugwira. Anawapeza ndi HIV, ndi TB yomwe. Anamwino aja anandizindikira. Anandiitanira pakhonde.

"Mukanabwera kale," anayamba choncho, kenako anakumbukira kuti tinabwerapo, iwo n'kutibweza. Ndiye anati, "Miyezi ijayi malipoti athu ankaonetsa kuti opezeka ndi kachilombo achepa. Ena ku boma anafunsa ngati matenda akutha. Ife timadziwa kuti anthu angokhala m'nyumba."

Ndinangoti, "Chabwino." Sindinamve mkwiyo. Ndinkaganiza za ng'ombe za eni ake zimene ndinasiya padzuwa kunja kwa geti.

Mankhwala anayamba kumwa. Anakhala nawo milungu yowerengeka, akusanza. Anamwalira m'mawa wina ine ndili kuchitsime.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti ndi korona, ena anaima patali atavala zotseka pakamwa. Sindinawatsutse. Amayi a mvano anaimba, ine ndimangowayang'ana milomo. Azakhali anandigwedeza phewa.

"Lira mwanawe, usasunge m'mimba."

Misozi sinabwere. Titachoka kumanda ndinachapa mabulangete awo, ndinabweza kuchipatala mabotolo otsala. Anamwino anandifunsa ngati nanenso ndingayezetse. Ndinapereka chala. Anati kachilombo ndilibe. Ndinathokoza, ndinatenga njinga. Kumunda fodya anali atayamba kupsa, ndipo wothyola panalibe.