Mkaka wa Soya wa Tadala

Soya woviika ali ndi fungo lakelake, longa la dothi lonyowa losakanikirana ndi nyemba zaziwisi. Ndikalimva ndimakumbukira khonde la nyumba yathu ya kumudzi, kuseri kwa Lirangwe, manja anga ali m'beseni la madzi ozizira, ndikutikita soya kuti makoko ayandame. Inali nyengo yachisanu, titakolola kale. Milambe inali itayoyola masamba, ndipo mphepo ya m'mawa inkang'amba milomo ndi kutuwitsa miyendo. Ndinali ndi zaka khumi.

Chaka chimenecho mng'ono wanga Tadala anadwala. Anali atangokwanitsa zaka ziwiri, ndipo amayi anali atamuletsa kuyamwa chifukwa anali oyembekezera. Anatsegula m'mimba kwa masabata angapo, ndipo atachira sanabwererenso mwakale. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka, mapazi anatupa, kuseka anasiya. Ankangokhala pamkeka n'kumayang'ana nkhuku zikudutsa. Kumjigo azimayi ankatsitsa mawu tikafika, ndipo ena ankanena za tsempho, kuloza chala makolo athu kuti ndiwo anamulakwira mwana. Kusikelo anamupatsa chiponde ndipo kutupa kunaphwa, koma alangizi a zaumoyo anauza amayi kuti chiponde chikatha, pakhomo pafunika chakudya chomanga thupi. Tinayesa mkaka wa ng'ombe kawiri, ndipo kawiri konse m'mimba munayambanso.

Soya tinali naye wambiri. Abambo, omwe ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Blantyre n'kumabwera kumapeto kwa mwezi, anakana kumugulitsa mavenda atagwetsa mtengo, choncho matumba awiri anangotsamira khoma kuchipinda. Loweruka lina kunabwera azakhali anga a ku Chileka atasenza katoni. Iwo ankaphika m'nyumba ya anthu ena kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo abwana awo, omwe sankamwa mkaka wa ng'ombe, anawapatsa bulenda yakale atagula yatsopano. Anali makina ogayira a magetsi, okhala ndi jagi yamng'alu womatidwa ndi guluu, pansi pake pali timipeni tinayi topindika. Azakhali anafotokozera amayi kapangidwe ka mkaka wa soya, anamwa tiyi, n'kuthamangira minibasi ya masana.

Kwathu kunalibe magetsi. Bulendayo inakhala masiku atatu pamwamba pa kabati itaphimbidwa ndi kansalu ngati wailesi. Tsiku lachinayi amayi anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, anabereka Tadala, anasenza ndowa ya soya woviika, ine n'kunyamula katoni. Tinayenda ola lathunthu m'fumbi mpaka pa Lirangwe, pa golosale ya mayi Asiyatu, mayi wachisilamu wamtali yemwe amayi ankangopatsana naye moni basi.

"Ndabwera kudzapempha magetsi, mayi," anatero amayi atagwada pakhomo. "Ndi za mwanayu."

Mayi Asiyatu anatuluka kuseri kwa kauntala, anagwira kamwendo ka Tadala, n'kuloza mkati mwa golosale.

"Soketi ili pambali pa filijiyo. Muzibwera m'mawa, anthu asanachuluke."

Amayi anathira soya ndi madzi m'jagi, anatseka, kenako anabwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa. Anati magetsi amawaopa, ndiye ndidine ndine. Ndinadina batani lofiira. Makinawo analira ngati chigayo chaching'ono, tebulo linanjenjemera, ndipo soya wachikasu uja anazungulira n'kusanduka madzi oyera mbee ndikuona ndi maso anga. Atelala a pakhonde anaimitsa makina awo osokera. Anyamata akabaza anasiya njinga n'kudzasuzumira pazenera. Ine ndinaima chilili, dzanja lili pa chivindikiro, ndikumva kunjenjemera kukukwera mpaka paphewa.

Kunyumba tinasefa ndi nsalu yoyera, amayi akupotokola mbali ina ine mbali ina, mpaka m'nsalumo munatsala zotsalira zonga gaga wonyowa. Titateleka, thovu linakwera mwadzidzidzi n'kusefukira pamoto, ndipo amayi anafulumira kuphula. Mkakawo unkanunkha uwisi. Tadala analawa kamodzi, analavula, n'kutembenukira kukhoma. Mawa lake tinapeza magetsi atazima, tinadikira mpaka masana, soya n'kuyamba kusasa m'ndowa. Tinabwerera naye n'kukamuthira kudzala. 

Ulendo wachitatu mayi Asiyatu ananunkhiza soyayo n'kupukusa mutu. Anawiritsa madzi pa mbaula yawo, anamuthiramo soyayo kanthawi kochepa asanamugaye, ndipo anauza amayi kuti mkakawo uziwira nthawi yaitali pamoto wochepa, akutakasa osasiya, thovu likakwera aziwaza timadzi. Tinachita momwemo. Ndinatakasa mpaka mkono unalema, utsi wa nkhuni ukundiliza misozi. Fungo la uwisi linachoka, m'malo mwake munabwera kafungo konga ka mtedza wophika, ndipo pamwamba panagwira kakhungu kopyapyala. Amayi anathiramo shuga ndi kamchere. Tadala anamwa pang'ono, n'kukankhanso kapu.

Nthawi imeneyo n'kuti m'thumba la diresi langa simusowa malambe. Ndinkadziwa kuti ngakhale Tadala ankakana zonse, ndikamayamwa malambe ankatambasula dzanja. Amayi atalowa m'nyumba, ndinafikisa malambe pa sefa n'kugwetsera ufa wake m'kapu muja. Nditatakasa, mkakawo unalimba ngati chambiko. Amayi atatuluka anaona m'kapumo, nkhope yawo n'kugwa.

"Mwayi, wauwononga mkaka wa mwana?"

Ndisanayankhe, Tadala anali ataviika kale chala m'kapumo. Ananyambita, anatsinzina chifukwa cha kuwawasa, kenako anaviikanso. Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, anatenga supuni n'kuyamba kumudyetsa. Tadala anatsiriza kapu yonse, ndipo amayi atachotsa supuni iye analira kufuna wina. Kunali kulira kwamphamvu, kwaukali, komwe tinali tisanakumve kwa miyezi iwiri. Amayi anaseka uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Kuyambira pamenepo tinkapita ku Lirangwe pafupifupi tsiku lililonse sukulu itatsekera, ndipo itatsegulira amayi ankandidikira kuti ndiweruke. Zotsalira zija ankazithira m'phala ndi m'zitumbuwa. Pang'onopang'ono masaya a Tadala anabwerera, tsitsi lakuda linamera pansi pa lofiira lija, ndipo tsiku lina tinamupeza kuseri kwa nyumba akukoka mchira wa mbuzi.

Tsiku la sikelo ndinajomba kusukulu. Sikeloyo inkapachikidwa pa nthambi ya mtengo wa mango, ndipo azimayi onse a kumjigo aja analipo. Alangizi anamulowetsa Tadala m'kathumba kolendewera, anayang'ana muvi, anayang'ana m'buku, n'kumuyezanso kachiwiri. Kenako ananyamula bukulo m'mwamba kuti onse aone mzere womwe unkatsika uja utakhota n'kuyamba kukwera. Anafunsa amayi chomwe ankamudyetsa, ndipo amayi anaimirira pamaso pa onse n'kufotokoza kuyambira kuviika mpaka malambe. Sabata yotsatira, pakhonde la mayi Asiyatu panali mzere wa ndowa zisanu, ndipo wodina batani ndinali ine. Bulendayo inapsa mwezi wa Okutobala, inatulutsa kautsi n'kungoti zii, koma n'kuti Tadala akuthamanga pabwalo ponse.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mng'ono wanga ndinamuchiritsa ndine, ndi chala changa komanso malambe a m'thumba. Sindinkaganiza za mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri woyenda ola lathunthu mwana ali kumsana, ndowa ili pamutu. Lero ndimakhala ku Chileka ndi ana anga, ndipo Tadala ndi mphunzitsi wamawu aakulu ku Mdeka. Amayi atabwera kudzationa chaka chatha, ndinawapeza kukhitchini akugaya tomato ndi bulenda yanga, akuimba nyimbo ya kwaya. Ndinawafunsa kuti mantha a magetsi anatha liti.

"Sindinawaopepo ine," anatero. "Iwe unkangomuyang'ana mng'ono wako, kudya osadya. Ndinaona kuti nawenso ufunika chogwira."

Anathira tomatoyo m'poto, n'kundituma ndikawatengere mchere.