Gadiyani wa a Likaka

Tinanyamuka pa Njakwa dzuwa litangotuluka, ine ndi belo langa la kaunjika, a Likaka ndi mwendo wawo. A Likaka ndi mkulu wa ku Thyolo amene anabwera ku Rumphi kudzalima fodya pa utenanti. Esiteti itatha, anayamba kugona pakhonde la golosale pomwe ndimayala malonda anga. Chilonda cha pamsongolo chinali chitayamba kununkha, ndipo ndinkaopa kuti mwendowo adzaudula.

Minibasi yoyamba inaima, kondakitala ananunkhiza, basi inapita. Kondakitala wa yachiwiri anati a Likaka alipire mipando iwiri.

"Achimwene, mwendo wowolawu ukhala pampando wakewake?" ndinafunsa.

Tinagwirizana mtengo wa munthu mmodzi, koma belo langa linalipira ngati munthu wamkulu. Ine, katswiri wonenerera mitengo, ndinakwera nditagonja.

Tikudutsa pamlatho wa Rukuru, ndinawapatsa chitumbuwa. Analuma pang'ono, maso ali kumapiri.

"Kwathu pano kalongonda wapsa," anatero. "Mlongo wanga amaphika nyemba zimenezi mpaka madzi ayere. Kaya alipo."

Nanenso ku Balaka ndinachokako kalekale, ndipo chaka chilichonse ndimati ndipitako fodya akagulitsidwa.

Pa Boma tinatsika dzuwa likuswa mtengo. Cholinga changa chinali kuwatula pamzere wa kuchipatala, ine nkumathamangira kumsika. Koma adokotala atamasula nsanza ya pachilondapo anati awagoneka. Namwino, mayi wankhope yofatsa, anafunsa:

"Adada, gadiyani wanu ndani?"

Kuchipatala wodwala amagona ndi m'bale wake womusambitsa, womuchapira, womuphikira phala. A Likaka anatembenukira kukhomo, nkuliyang'ana nthawi yaitali, ngati mlongo uja alowa ndi poto m'manja. Kenako anayamba kumanganso nsanza yawo.

"Tiyeni tizipita, bwana. Pakhonde paja safunsa zimenezi."

Ndinayesa luso langa. "Amama, nanga ndikamabwera madzulo okha?"

"Kubafa m'mawa apita ndi ndani?"

"Tsiku lamsika lokha mundimasule."

"Kuno si pa kaunjika, adada."

Ndinayang'ana belo, ndinayang'ana mwendo. "Chabwino, ndine mphwawo."

"Yewo chomene," anathokoza namwino, osafunsa kuti Balaka ndi Thyolo zinabadwa liti m'nyumba imodzi.

Belo lija ndinalimasulira mu wodi: jekete kwa a Likaka, makatani pansi poti ndizigonapo. Ndimati munthu wogona pakhonde amasowa mankhwala, pomwe mankhwala analipo. Chimene ankasowa ndi munthu woyankha akafunsa kuti wanu ndani.

A Likaka anavala jeketeyo nkundikodola.

"Mphwanga, kalongonda amapezeka pamsika pano?"