Ana Ataleka Kuimba Poswa Mtedza

Cha m'ma sikisi koloko m'mawa, chisanu cha Juni chikali kuluma zala, Faides Nyirenda anali atatulutsa kale matumba a mtedza m'kalasi mwake ndipo ankawakokera pabwalo la sukulu. Palibe anamutuma. Ntchito zambiri pasukulu ija, kufupi ndi Mwase Lundazi, zinali zotero: kuzira makalasi Loweruka, kudzaza madzi mumgolo wa aphunzitsi, kuphikira alendo a Chipani, kusambitsa kamwana kamene kadziipitsira. Zinkangopezeka zitachitika ngati mame, ndipo palibe amathokoza mame.

M'mawa umenewo ankakoka matumba mtima uli m'mwamba. Mwezi wapitawo a hedi akale, a Ezron Mtonga, anali atawasamutsira kutali, mbali ya Lukusuzi. M'malo mwawo kunabwera a Haswell Gondwe ndi akazi awo a Rosemary, mphunzitsi wotuluka kukoleji, wa setifiketi yake. Makalasi onse anali ndi eni ake kale. Wina anayenera kuchoka, ndipo wopanda pepala anali Faides yekha. Ankadziwanso kuti kalasi ikapita, idzapita ndi kanyumba ka kuseri kwa sukulu kamene ankagonamo.

Faides anabadwira ku Kasungu. Anawoloka malire ali mtsikana kudzasoka fodya kumafamu, atalekeza sukulu ya mishoni pakati. Kuno anakwatiwa ndi Luka Nyirenda, mpalamatabwa, yemwe anakhoma denga la sukulu ija pa ntchito yodzithandiza osalandira ngakhale fodya wofwenkha. Luka atamwalira, abale ake anatenga macheka, njinga ndi munda. A Mtonga ndi amene anamutola. Ana a kumeneko kwawo amalankhula Chitumbuka, koma mabuku a giredi yoyamba anali a Chinyanja, ndipo aphunzitsi ambiri lilime linkawalemera. Faides chilankhulocho anachiyamwa. A Mtonga anamupatsa choko, kalasi ndi kanyumba, ndipo anakhala pamenepo mpaka ana amene anayamba kuwaphunzitsa anayamba kubweretsa awo.

Anthu ankamudziwa ndi mawu amodzi. M'kalasi mwake chikasweka kapena kusowa, iye sankafufuza m'zikwama. Ankangokhala pansi n'kudikira. Wolakwayo ankaimirira yekha n'kunena kuti, "Ndine." Akatero, chikwapu chinkamulambalala. Limenelo linali pangano, ndipo Faides sanaliphwanyepo. Makolo ankaseka kuti ana a kwa NyaMwale, poti ndimo ankamutchulira ndi mfunda wake, amaulula ngakhale zimene sanafunsidwe.

Nthawi imeneyo sukulu iliyonse inkalima. Boma linkati sukulu izidzidyetsa yokha. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo, koma mtedza wa sukulu, umene unadzalidwa kudambo, unachita bwino. Kuswa mtedza inali ntchito ya ana aang'ono, ndipo panali lamulo lakale: woswa mtedza aziimba. Pakamwa poimba sipatafuna. Ana ankakhala mozungulira dengu, tizala tikugwira ntchito, akubwereza kanyimbo kamodzimodzi, "Khoko pansi, njere m'dengu." Nyimbo ikazirala, mphunzitsi ankadziwa kuti wina wameza.

Sabata yapitayo, nyimbo ili mkati, kamwana kena kanangopendekeka n'kugwera pa makoko. Kanali kasanalawe kanthu chichokereni dzulo lake. Faides anayang'ana milomo yotuwa ya enawo, ikutseguka ndi kutseka pamwamba pa chakudya. Anakweza dzanja.

"Lekani kuimba. Aliyense atape dzanja limodzi. Tafunani msanga."

Anachita zimenezo tsiku limenelo ndi masiku otsatira. Matumba anali ambiri, kuchepako sikunkaoneka. Chimene chinamugwiritsa anali chete uja. Ofesi ya a hedi inali pafupi, ndipo a Gondwe anali ndi makutu.

Belu litalira m'mawa uja, ana onse anafola pafupi ndi matumba aja. Pampando pakhonde panakhala a Manasseh, tcheyamani wa Chipani m'deralo, atavala jekete ndi baji yake pachifuwa. Anthu atakweza zala ndi kufuula mfuu ya Chipani, a Gondwe anamwetulira.

"Amai Nyirenda, bwelani kuno kutsogolo. Lelo tifuna tikutamandeni."

Faides anapukuta manja pachitenje n'kupita.

"A Cheyamani, sukulu zambili nayendamo, koma ana okamba zoona monga a amai awa sininawaonepo. Giledi yoyamba, imililani! Ndani anakuphunzitsani kukamba zoona?"

"Madamu!"

"Wokamba zoona amenyedwa?"

"Iyayi!"

"Ehe. Manje niuzeni. Ndani anadya nshawa za sukulu?" anatero akuloza matumba a mtedza aja.

Ana akuluakulu anaweramitsa mitu, poti iwo anali ataona kale kumene mbuzi ikukokeredwa. Faides ankayang'ana zala za kumapazi ake. Mumtima ankapempha chinthu chimene sanapemphepo: kuti ana ake akhale chete.

"Ndine."

Anali Agatha, mwana wa Jenala, mnansi wa Faides wa kuseri kwa mpanda. Kamtsikana ka mano ogweluka kutsogolo, kamene kanali koyamba kuwerenga m'kalasi monse. Kenaka wina anati, "Ndine." Winanso. Mawuwo anayenda mzere wonse mpaka kumapeto, ena akukweza ndi manja omwe. Ndipo Faides, ali m'kati mwa mantha, anamva kunyada. Anachita nako manyazi kunyadako.

A Gondwe anagwada pa bondo limodzi kutsogolo kwa Agatha.

"Iwe mwana wabwino. Koma niuze, munadya bwanji muli kuimba?"

"Sitinali kuimba, Sala. Madamu anati tileke, titape dzanja limodzi."

"Kamodzi cabe?"

"Iyayi, Sala. Masiku onse."

Atanena zimenezo, Agatha anatembenukira kwa Faides, nkhope ili ngwee, kudikira kuti amugwedezere mutu monga mwa nthawi zonse.

A Gondwe anaimirira, n'kusasa fumbi pabondo, n'kutenga chikwapu chimene chinali pazenera. Sanakweze mawu.

"Amai Nyirenda, apa pali ziwili. Kapena mwana uyu anamizila mphunzitsi wake pamaso pa a Cheyamani, ndiye tim'gonetsa pano, nkhani yatha, mubwelele m'kalasi mwanu. Kapena akamba zoona. Tiuzeni ndimwe."

Faides anaona khomo limene anamutsegulira. Linali lotseguka ndithu. Mawu amodzi okha, kalasi ndi kanyumba zikanatsala, mwina mpaka chaka chitatha. Mwana akanalira, mizere ya chikwapu ikanapola. Anaganiza za mudzi wa alamu ake ku Kapichila, kumene mkazi wamasiye wopanda mwana amadya ana a eni atakhuta. Anayankha motsitsa.

"Sananame."

"Kwezani mawu, a Cheyamani amveko."

"Mwanayo sananame, Bwana Hedi."

A Manasseh anaseka mpaka kukhosomola. "Ndiye mwambo wa kwanu ku Kasungu uwu, amama? Takusungani zaka zonsezi, kansi tasunga mbewa m'nkhokwe!"

Aphunzitsi ena anaseka nawo pang'ono. Anali anthu omwe ankasamba madzi otungidwa ndi Faides. Mmodzi yekha anayang'ana kumbali. A Rosemary anaimirira pakhomo la giredi yoyamba, manja atapinda, akuyang'ana denga ngati akuona pamene pamadontha.

"Tiombele m'manja Agatha," anatero a Gondwe, n'kutulutsa pensulo yatsopano m'thumba. Sukulu yonse inaomba. "Na imwe amai, ombani. Ni chipatso chanu ichi."

Faides anaomba.

"Manje onse amene mwati 'Ndine,' gonani pansi."

Ana sanasunthe. Kamnyamata kena kanalimba mtima. "Sala, tanena zoona."

"Lija linali lamulo la Madamu. Madamu kuyambila lelo si mphunzitsi."

Anawagonetsa pafumbi lozizira. Agatha yekha anamusiya chilili, pensulo ili m'manja, kuti aone. Chikwapu chinayenda mzere womwe unayenda mawu aja. Ana sankayang'ana a hedi. Aliyense akadzuka, akusisita matako, ankayang'ana Faides, kenaka Agatha. Kamwana kaja kanakomoka sabata yapitayo nako kanalandira zake.

Faides anayesa kulankhula. "Bwana Hedi, wolakwa ndine, anawa..."

"Tamva kale, amai. Musatibwelezele."

Zotsala zinanenedwa pakhonde, mwaulemu. Nkhani sipita kupolisi, chifukwa a Gondwe ndi munthu wa tchalitchi. Kanyumba kafunika, mukhala mosungira zokolola, poti m'kalasi mwaoneka kuti muli mbewa. Koma asanachoke, amalize kuswa matumba otsalawo yekha, kubwezera zimene zinadyedwa.

"Ndipo muziimba, amama," anawonjezera a Manasseh akukwera njinga. "Tizimva."

Anakhala pabwalo tsiku lonse, dengu pakati pa miyendo. Anaimba. Mawu ake anali aang'ono, osweka, koma ankafika kuofesi. M'kalasi mwake munkamveka mawu a Rosemary akuwerengetsa ana zilembo, ndipo ana ankayankha motsitsa. Nthawi yopuma palibe mwana anamuyandikira. Anaona Agatha ataima yekha pansi pa mtengo wa mango, anzake akumuponyera makoko. Dzuwa litapendeka zala zake zinali zitang'ambika m'mphepete mwa zikhadabo. Anasoka matumba, n'kuwakokera pakhonde la ofesi, n'kusesa makoko onse pabwalo, poti anaona kuti akawasiya palibe adzawasese.

Katundu wake sanali wovuta kumanga: mphasa, bokosi limene Luka anamukhomera, mapoto, mtondo, ndi nkhuku zochepa. Akumanga, anamva kulira kuseri kwa mpanda, ndi mawu a Jenala akukalipa pakati pa mikwapulo.

"Kamwa ako! Ndani anakufunsa? Anzako onse amenyedwa chifukwa cha iwe! Kuyambila lelo ukafunsidwa uziti sinidziwa. Wamva? Kamba!"

"Sinidziwa."

"Kambanso!"

"Sinidziwa, amama."

Faides anaima ndi chingwe m'manja mpaka kulirako kutazirala. Kenaka anatuluka, n'kuzungulira mpanda. Jenala anali pakhomo akupumira m'mwamba, kamtengo kali m'manja. Atamuona anakataya, n'kugwira chitenje kukamwa.

"Odi, anyina Agatha."

"NyaMwale, pepani. Mutikhululukile. Nam'langa, sazachitanso. Mwaona mwekha."

Mwanayo anali atakhala m'mbali mwa nkhokwe, mawondo pachibwano. Pensulo ija inali pansi, yothyoka pakati. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana mphunzitsi wake ndi maso otupa. Ankadikirabe.

Faides anabwera ndi mawu okonzeka. Ankafuna kunena kuti mwanayo wachita bwino, kuti asamumenyenso. Mawuwo anawaphunzitsa zaka zonse ndipo ankawadziwa ngati dzina lake. Anafika nawo pakhosi, koma anakana kutuluka. Anapeza kuti sangathe ngakhale kumuyang'ana mwanayo. Anachotsa maso n'kuyang'ana ng'ombe za a Kenan, amuna a Jenala, zimene zinkalowa m'khola.

"Anyina Agatha, ndadzapempha. Muwauze a Kenan andinyamulireko katundu pangolo mpaka ku Kapichila. Amange ng'ombe m'mamawa, belu lisanalire. Ana asandione ndikuchoka."